Verbena, Duŵa Lathu la Chilimwe

Munthu wochokera ku Limbe pa ulendo wobwera kuno ku Muloza, akangopitirira boma la Mulanje, maso ake amakhuta mtundu umodzi wokha, ndiwo wobiriŵira. Kumanzere kwake kumakhala phiri lalikulu lija limene nsonga yake, Sapitwa, italika mamita 3,002, ndipo m'munsi mwake minda ya tiyi imayalana ngati mphasa kufikira pa mtsinje wa Muloza, pamene dziko lathu lathera ndipo la Mozambique layambira. Tiyi sasintha malaya ake, dzinja ndi chilimwe chomwe. Koma mlendoyo akapatuka pamseu ndi kuloŵa m'midzi mwathu m'mwezi wa Sepitembala kapena Okutobala, adzaona zina. Chimanga chinakololedwa kale, nandolo wayoyola masamba, ndipo pabwalo pangotsala fumbi lofiira ndi nkhuku zofunafuna mthunzi. Ndi pa nyengo imeneyi pamene ife a m'banja lathu timayamikira kaduŵa kena kochepa kotchedwa verbena, kamene takhala tikukasamala pakhomo pathu kwa zaka zambiri.

Tidziŵa kuti ena mwa inu oŵerenga mufunsa kuti, nanga munthu wa ku Muloza malo odzalapo maluŵa awatenga kuti? Funsoli ndi loyenera. Boma lathu lili m'gulu la maboma amene anthu ali othinana kwambiri m'Malaŵi muno, ndipo nthaka yabwino yambiri ili m'manja mwa makampani a tiyi. Banja la ana asanu limadalira kamunda kamodzi, m'mene chimanga, nandolo, chinangwa ndi maungu zimakhalira limodzi. Ngakhale kuseri kwa nyumba kuli ndi ntchito yake, pakuti nkumene kuli nthochi ndi mpiru. Tsono duŵa lofuna kukhala nafe liyenera kukhala losadya malo ambiri, losamwa madzi ambiri, ndiponso losalira ndalama chaka ndi chaka. Verbena amakwaniritsa zonsezi, malinga mwini wake adziŵe nyengo yake.

Kwa amene sanamuonepo, verbena ndi chomera chachifupi, chosapitirira kaŵirikaŵiri masentimita 30, chimene nthambi zake zimayanga pansi monga imachitira mbatata. Mukafikisa tsinde lake pakati pa zala mudzamva kuti lili ndi ngodya zinayi. Masamba ake ndi aang'ono, okhakhala, a manomano m'mphepete, ndipo amamera aŵiriaŵiri moyang'anana. Kunsonga kwa nthambi iliyonse kumabwera tsango la timaluŵa ting'onoting'ono, kalikonse kogaŵika patizigawo tisanu, tosonkhana pamodzi ngati kaambulera. Timaluŵa ta m'mphepete ndito timayamba kumasula, ta pakati nkumatsatira pambuyo, motero tsango limodzi limakhala masiku ambiri lisanafote. Pali ofiira ngati magazi, apinki, apepo ndi oyera, ndipo ambiri ali ndi kadiso koyera pakati. Dzuŵa likakwera agulugufe sachokapo.

Kwao kwenikweni kwa makolo a duŵali ndi ku South America, m'zidikha za Argentina, Uruguay ndi kumwera kwa Brazil. M'chaka cha 1825 mlimi wina wa maluŵa wa ku Scotland, dzina lake John Tweedie, anasamukira ku Buenos Aires, ndipo ali kumeneko ankatola mbeu za zomera zakutchire natumiza kwao. Pakati pa mbeuzo panali mitundu ina ya verbena. M'zaka za m'ma 1830 alimi a ku Britain anayamba kukwatitsa mitundu ingapo yochokera ku South America, ndipo ana obadwa mu ukwatiwo ndiwo verbena wa m'minda amene tili nayeyu. Akatswiri a zomera anamutcha Verbena hybrida, ngakhale ambiri mwa iwo masiku ano amamuika m'gulu lotchedwa Glandularia. M'masiku a Mfumukazi Victoria duŵali linatchuka kwambiri, ndipo linkadzalidwa lothithikana m'mabedi a m'mapaki kuti pansi paoneke ngati payalidwa nsalu yamaŵangamaŵanga.

Ife a mbali ino sitidabwa kumva kuti mlimi wa ku Scotland anali ndi dzanja pa nkhaniyi. Mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa m'chaka cha 1876, munda wake unali khomo loloŵera mbeu zambiri zachilendo. M'chaka cha 1878 Jonathan Duncan anabwera ndi mbande za khofi zochokera ku Edinburgh. Tiyi nayenso anayesedwa poyamba m'munda wa mishoni womwewo, ndipo m'chaka cha 1891 Henry Brown anamudzala kuno ku Mulanje. Maluŵa ambiri achilendo anatsata njira yomweyo, kuyambira m'minda ya mishoni ndi pa mabwalo a nyumba za akuluakulu a m'maesiteti. Koma amene ankagaula mabediwo, kuthirira ndi kudulira anali azigogo athu. Iwo ndiwo anaona ndi maso ao duŵa limene likupirira nthaka ino ndi limene likukana, ndipo madzulo poŵeruka ankapita kumudzi ndi kanthambi m'thumba la malaya. Nzeru zimene tili nazo pa maluŵa kuno zinachokera m'manja ameneŵa, osati m'mabuku okha ai.

Tsono tifike pa nkhani ya nyengo, pakuti apa ndipo pagona zonse. Mabuku a ku Ulaya, ngakhalenso timapepala tokutira mbeu, timanena kuti verbena ndi duŵa la nyengo yotentha. Kwaoko nyengoyo imayamba m'Juni kufikira cha m'Sepitembala, ndipo ikatha chisanu chimabwera nkupha chomera chonse. Nchifukwa chake iwo amadzala mwatsopano chaka ndi chaka. Munthu wotenga mau ameneŵa osawasefa adzati, kwathu kuno kumatentha m'Disembala ndi Januwale, tiyeni tidzale ndi mvula yoyamba monga timachitira ndi chimanga. Pamenepo ndiye pali msampha. Miyezi imeneyo kwathu ndi ya mvula, ndipo mbali ino ya phiri la Mulanje ili m'gulu la madera amene mvula imagwa yochuluka koposa m'dziko lathu. Akulu anati walira mvula walira matope, ndipo verbena ndi matope sagwirizana. Mizu yake ikakhala m'madzi masiku angapo imaola, masamba akagona onyowa amachita chuku, ndipo mvula yamkuntho imamenyetsa timaluŵa pansi. Mdani wa verbena kuno si chisanu ai, koma chinyontho.

Chifukwa chake ife timatembenuza kalendala ya m'mabukuyo. Timakonza mbande mvula ikamapita kumapeto, m'mwezi wa Epulo. Timaokera m'Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, nthaka ikali ndi mnyontho pang'ono. Zomerazo zimagwira ndi kutambalala m'miyezi yozizira, ndipo pofika Ogasiti bedi lonse limakhala litayaka. Zimakhala choncho mpaka mvula yoyamba ya m'Novembala. Motero duŵa limene ku Ulaya limakongoletsa miyezi yao yofunda, kuno limakongoletsa chilimwe chathu cha fumbi, nthaŵi imene pakhomo pamasoŵa china chilichonse chosangalatsa maso.

Pali mlendo mmodzi woyenera kuchenjera naye pakati pa nthaŵi imeneyi, ndiye chiperoni. Mvula yowaza ija ya m'Juni ndi Julayi, imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la kutsidyaku ku Mozambique, imatha kukhala masiku atatu kapena anayi dzuŵa osaoneka. Kwa tiyi ndi nandolo chiperoni ndi dalitso. Kwa verbena ndi masiku oti asathiriridwe konse, ndipo amene ali m'zitini timawakokera pakhonde kufikira kunja kutayera.

Kufesa mbeu ya verbena kumafuna munthu wodekha. Mbeuyo imamera mochedwa ndiponso mosalingana, ina pakapita masabata aŵiri, ina atatu. Imafuna mdima kuti imere, choncho timaifotsera ndi dothi losefa pang'ono, nkuvindikira bokosilo ndi katoni mpaka timitu titayamba kuoneka. Madzi akachuluka mbande zimaola patsinde nkugwa zonse usiku umodzi. Ndiponso mbeu yotola pa maluŵa a pakhomo sibereka nthaŵi zonse mtundu wa make, popeza duŵali ndi lobadwa mwa makolo osiyanasiyana. Wotola pa duŵa lofiira angadzapeze lotuŵa.

Njira imene timaikonda ife ndi yodula nthambi, ndipo munthu wa ku Mulanje saphunzitsidwa kaŵiri za njirayi, pakuti chinangwa, mbatata, ngakhale mbande za tiyi za m'machubu zimachulukitsidwa chomwecho. Timasankha nthambi yanthete yopanda duŵa, nkuidula m'munsi mwa mfundo, yotalika ngati chala chamkombaphala, masentimita 8 kapena 10. Timachotsa masamba a m'munsi, nkuizika mumchenga wonyowa pamthunzi. Pakapita masabata aŵiri kapena atatu imakhala itachita mizu. Njira ina yosavuta koposa ndiyo kupinda nthambi yoyanga, kukwirira mfundo yake ndi dothi, ndi kutsamirapo kamwala. Mfundoyo ikachita mizu timaidula kwa make, ndipo yasanduka chomera pachokha. Duŵa lobadwa chotere limafanana ndi make m'zonse, ndipo silidya tambala.

Pokonza bedi timayang'ana malo oomba dzuŵa kuyambira m'maŵa mpaka masana ndithu, maola osachepera asanu ndi limodzi. Pansi pa mango kapena pafupi ndi nthochi verbena amangotalika ndi kuonda osamasula. Bedi timalikweza ngati mzere wa mbatata kuti madzi asadikhe. Nthaka yathu yofiirayi ili ndi asidi wambiri, chimene tiyi amakondwera nacho, koma verbena amafuna yocheperako asidi. Motero timawaza phulusa la nkhuni pang'ono, chikhatho chimodzi pa bedi lotalika sitepe imodzi, nkusakaniza ndi manyowa oolerana bwino. Manyowa asachuluke, chifukwa chomera chokhuta chimachita masamba okhaokha. Mbande timaziika motalikirana masentimita 25 kapena 30. Poyamba bedi limaoneka lamipata, koma mipatayo ndiyo njira ya mphepo youmitsa masamba, ndipo pakapita mwezi umodzi nthambi zimakhala zitagwirana.

Koma ubwino weniweni wa verbena kwa ife osoŵa malo uli m'chitini. Ndowa yobooka, beseni lotha ntchito, chitini cha penti chotsuka bwino, chigubu chamafuta chodula pakati, mphika wong'aluka umene mayi sangaphikirenso nyemba, zonsezi ndi minda. Timaboola pansi mabowo angapo ndi msomali, nkuyalapo mapale, kenaka nkuthira dothi losakaniza: mbale ziŵiri za dothi lapamwamba, imodzi ya mchenga wa kumtsinje, ndi imodzi ya manyowa. Chitini timachikhazika pa njerwa ziŵiri kuti madzi azituluka momasuka ndiponso chiswe chisaloŵe. M'ndowa imodzi mumakwana zomera zitatu. Nthambi zikakula zimasefukira m'mphepete nkubisa dzimbiri lonse, kotero kuti chinthu chimene chikanatayidwa kudzala chimakhala choyamba kuyamikiridwa ndi alendo. Munda wa m'chitini suli ndi mkangano wa malire. Wokhala m'nyumba ya lendi pa Limbuli, kapena m'nyumba za antchito a paesiteti, tsiku losamuka amanyamula munda wake pamutu.

Nkhani ya madzi ndiyo inautsa mlandu pakhomo pathu. M'Okutobala, mijigo ikayamba kuchedwa kutulutsa madzi ndipo mzere wa ndowa watalika, agogo a ana athu anaima tsiku lina pakhonde akuyang'ana mdzukulu wao akuthirira. Anati, "Kodi iwe mwanawe, madzi ukumwetsa udzu wosadyedwawu anabwera pamutu pa yani?" Mwanayo ananjuta nayankha kuti, "Agogo, aŵa ndi amene amayi atsukira mpunga ndi masamba, akanatayidwa kuseri." Agogo anangoti, "Chabwino, koma a mumtsuko musakhudze." Lamulo limenelo lilipobe mpaka lero, ndipo nlachilungamo. Verbena wa pabedi akagwira mizu amapirira ludzu, ndipo kumuthirira mokwanira kaŵiri pa sabata kumamukwana. Wa m'chitini amauma msanga, choncho timapisa chala m'dothi, ndipo tikapeza kuti pamwamba pauma timathirira. Timathirira m'maŵa, patsinde, osanyowetsa masamba. Madzi a sopo wambiri, a mchere kapena a mafuta sitithirako. Agogo omwewo, chilimwe chisanathe, anapempha kuti chitini cha maluŵa ofiira chiikidwe pakhomo pa kanyumba kao.

Ntchito yotsala ndi ya zala. Mbande ikatalika ngati chikhatho timaitsina kunsonga kuti ichite nthambi zambiri. Tsango lililonse lofota timalichotsa, pakuti chomera chikayamba kukhwimitsa mbeu chimaleka kumasula. Cha m'Sepitembala, nthambi zikaoneka zotopa, timadula gawo limodzi mwa magawo atatu, nkuthira timanyowa pang'ono, ndipo pakapita masabata oŵerengeka zimaphukanso ndi mphamvu. Matenda ake ndi odziŵika. Masamba akaoneka ngati awazidwa ufa, chimenecho ndi chuku chobwera chifukwa cha kuthinana ndi kusoŵa dzuŵa, ndipo timathothola masamba odwalawo nkupatulira kuti mphepo ipite. Kukatentha kwambiri kumabwera akangaude ofiira aja ovutitsa alimi a tomato, amene amabisala kunsi kwa masamba nkuwachititsa timadontho totuŵa. Ameneŵa pamodzi ndi nsabwe za m'masamba timawatsuka ndi madzi m'maŵa kuti masamba aume dzuŵa lisanaloŵe.

Ntchito zimenezi ndi zopepuka, motero tinazipereka kwa ana. Mwana aliyense pakhomo pathu ali ndi chitini chakechake. Kumunda mwana amagwira ntchito ya banja lonse, ndipo mzere wake ukapanda kupaliridwa wina amaupalira. M'chitini mulibe wobisalirako. Amene wazemba kuthirira masiku anayi, chitini chake chimamuneneza pamaso pa onse popanda bambo kutsegula pakamwa. Amene wathirira mopitiriza muyeso chifukwa cha changu amaphunziranso kuti chikondi chosayeza chimaononga. Taona mnyamata wopupuluma akuphunzira kudikira masabata atatu kuti kanthambi kachite mizu, ndipo taona mtsikana wamanyazi akufotokozera akuluakulu za kadulidwe ka nthambi mosadodoma. Inu makolo anzathu, maphunziro otere ndi ovuta kuwapereka ndi mau okha. Ndipo inu achinyamata, musati maluŵa ndi ntchito ya atsikana. Amene anabweretsa nzeruzi m'midzi muno ambiri anali amuna.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo. Mapiri anagumuka, mitsinje inasefukira, ndipo kuno kwa mfumu yaikulu Njema anthu anafa, nyumba, milatho ndi minda zinakokoloka. Sitingayerekeze kufanizira duŵa ndi moyo wa munthu, ndipo m'masiku amenewo panalibe woganiza za maluŵa. Bedi lathu linakwiririka ndi mchenga, koma zitini zitatu zimene zinali pakhonde zinapulumuka. Patapita miyezi, anansi athu atayamba kuumba njerwa ndi kuimikanso nyumba, mayi wina amene anataya zonse anafika pakhomo pathu. Atalonjeredwa anati, "Amayi, ndabwera kudzapempha kanthambi ka maluŵa anu aja, pakhomo panga pakuoneka ngati pamsasa." Tinamvetsa chimene ankanena. Munthu wogona pamsasa sadzala duŵa. Amadzala ndi amene watsimikiza mumtima kuti pano mpamudzi, ndipo akhalapo. Kuchokera m'zitini zitatu zija, nthambi zinayenda khomo ndi khomo chilimwe chimenecho.

Tisanamalize tichenjezane za abale a verbena, pakuti si onse ali ndi khalidwe. Pali wina wamtali, wa tsinde louma ndi timaluŵa tapepo, amene amamera yekha m'mbali mwa miseu ya kumapiri. Iyenso kwao ndi ku South America, ndipo dzina lake la akatswiri, Verbena bonariensis, linachokera ku mzinda wa Buenos Aires. Ameneyo anathaŵa m'minda kalekale nkukhala udzu. Woopsa koposa ndi lantana, chitsamba cha timinga ndi timaluŵa tachikasu ndi tapinki, chimene chili m'banja lomweli. Chinabwera ngati duŵa lokongoletsa mpanda, koma mbalame zinamwaza mbeu zake ponseponse, ndipo tsopano chimalanda malo odyetsera ziŵeto ndi kutsamwitsa timitengo tachilengedwe. Masamba ake ndi poizoni kwa ng'ombe. Chimenechi musachidzale ngakhale chikongole bwanji. Mlendo wabwino ndi amene amakhala pamene mwamuyalira mphasa.

Mvula ikayamba m'Novembala timadziŵa kuti nthaŵi ya bedi yatha, ndipo sitilimbana ndi dzinja. Timadula nthambi zabwino za mtundu uliwonse, nkuzizika m'zitini zoŵerengeka, ndipo timazisunga pakhonde la kum'maŵa pamene dzuŵa limafika koma mvula siifika. Zimenezi ndizo mbeu ya chaka chamaŵa, monga ngala zosankhidwa zimene amayi amapachika patsindwi la khichini. Pabedi paja timadzalapo nyemba. Verbena wopulumuka dzinja chotere amatipatsa nthambi zokwanira pakhomo pathu, za anansi, ndi zina zokadzala m'mbali mwa kanjira koloŵera kutchalitchi, zimene amayi a Mvano amazisamala.

Tsono inu amene mwaŵerenga mpaka pano, musadikire kuti mudzakhale ndi malo aakulu kapena ndalama yogulira mbeu ya m'sitolo. Mvula ikamatha chaka chino, funani ndowa yobooka, tumani mwana akatape mchenga kumtsinje, ndipo pitani kwa mnansi amene ali ndi verbena mukapemphe nthambi ziŵiri kapena zitatu. Sadzakumanani, chifukwa kudula nthambi kumathandiza chomera chake kuphuka. Pofika Ogasiti mudzakhala ndi zanuzanu zopatsa ena.